Mwana wanga akubwera ndi dongo m'malo mwa samu, kodi ndi maphunziro amenewa?

NaPhiri_wa_ku25
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi dandaulo, ndipo ndikupempha aphunzitsi amene muli muno mundithandize nzeru. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 3. Teremu ino alandira mphunzitsi wina wa masamu, ndiye chiyambire kope la masamu langodzaza zojambula. Lero apinda mapepala, mawa atunga mikanda, mkuja auzidwa kuti abwere ndi dongo. Yunifolomu ikubwera ili mbuu, sopo nayenso mukudziwa mmene wakwerera. Ndikamufunsa kuti 6 kuchulukitsa ndi 4 ndi zingati, m'malo moyankha amayamba kujambula timabokosi pansi. Ife kale mataimusi tinkaimba mpaka alowe m'mutu. Kodi izi ndi zimene boma likufuna masiku ano kapena aphunzitsiwa akungotaya nthawi ya ana? Ndikufuna ndikaonane ndi ahedi koma ndati ndimve kaye kwa inu.

Bambo_a_Mapasa
Pitani kwa ahedi mawa lomwe mayi. Masamu ndi masamu, zoumbaumba zili ndi nthawi yake.

Madamu_Std2
Mayi, ndifunse kaye. Akajambula timabokosito, yankho akumalipeza?

NaPhiri_wa_ku25
Akumalipeza madamu, koma mochedwa. Amajambula mizere 6, uliwonse timabokosi 4, kenaka n'kumawerenga 4, 8, 12 mpaka 24.

Madamu_Std2
Ndiyetu musapite kwa ahedi ndi mkwiyo. Mwana amene akudziwa kuti 6 kuchulukitsa ndi 4 ndi mizere isanu ndi umodzi ya zinthu zinayizinayi wagwira pofunika penipeni. Ine ndakhalitsa m'makalasi aang'ono, ndipo chaka chilichonse ndimakumana ndi ana oimba mataimusi osaphonya, koma ukawauza kuti mayi agula milu 6 ya tomato, mulu uliwonse muli tomato 4, onse pamodzi alipo angati, amakuyang'ana n'kufunsa kuti "Madamu, tiphatikize kapena tichotse?" Nyimbo ili m'mutu, ntchito yake saidziwa.

Ine chimene ndimachita ndi ichi. Ndimatenga mapepala akale a mayeso ndi makatoni a shuga, ana amang'amba timizere totalika mofanana. Timizere 6 amagoneka choimirira, timizere 4 amalowetsa chopingasa, pamwamba pansi, pamwamba pansi, mpaka patuluke kamkeka. Akamaliza ndimati werengani timabokosi tomwe tatuluka. 24. Kenaka ndimati tembenuzani kamkekako chammbali. Tsopano mizere ndi 4, uliwonse timabokosi 6. Ndimafunsa kuti timabokosi tachuluka kapena tachepa? Pamakhala kaye chete, wina amayambanso kuwerenga ndi chala, kenaka mmodzi amakuwa kuti "Madamu, ndi tomwe tija!" Mwana ameneyo sindidzamuuzanso kuti 6 × 4 ndi 4 × 6 n'chimodzimodzi, waziona yekha m'manja mwake. Ndipo kwa iye mataimusi oloweza achepa pafupifupi ndi theka.

Kuloweza kumabwera ndithu, sitikukana. Koma kumabwera pambuyo, ndipo kumalowa msanga.

Sir_wa_Std8
Madamu, zokomatu kumva, koma ana anuwo amadzafika m'manja mwanga. Ine ndimalandira mwana wa zaka 14 amene 7 × 8 mpaka ajambule timizere kumbuyo kwa kope. Pa mayeso a MANEB nthawi imamuthera ali pa funso la pakati. Piriyodi yathu ndi mphindi 35 zokha, kalasi muli ana oposa 100, ena akhala pansi. Mugawe mapepala, ang'ambe, alimbirane, wina alire kuti am'landa kake, belu lalira. Samu alemba zingati tsiku limenelo? Expressive Arts ilipo kale pa taimutebulo, zoluka zipite kumeneko.

Bambo_a_Mapasa
Sir mwalasa.

Madamu_Std2
Sir, za kuchuluka kwa ana sindingakutsutseni, inenso kalasi langa ndi lotero. N'chifukwa chake kung'amba ndi kuluka timachitira mu piriyodi ya Expressive Arts yomwe mukunenayo, poti m'makalasi aang'ono mphunzitsi amakhala yemweyo. Ya masamu ikakwana, timikeka tili kale m'manja, timangoyamba kuwerenga ndi kulemba. Koma mwana wanu wa timizere kumbuyo kwa kopeyo, vuto lake silinachokere ku zojambula. Palibe amene anamuchotsa pa timizere kupita naye pa nambala. Anamusiya panjira.

Telala_wa_ku_Limbe
Ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene amalandira ana akachoka m'manja mwa aphunzitsi nonse. Pashopu panga pamabwera achinyamata ofuna kuphunzira kusoka, ena ali ndi satifiketi ya Folomu 4 yabwinobwino. Ndimamupatsa tepi n'kumuuza kuti chiuno cha kasitomala ndi mainchesi 30, tidula siketi ya mapisi anayi, pisi iliyonse ikhala yotani? Amatulutsa foni. Foni imuuza 7.5, ndiye ayang'ane pa tepi, 7.5 sakuipeza, chifukwa pa tepi pali timizere basi. Ndikati pinda pakati, theka la 7 ndi hafu ndi chiyani, apo ndiye thukuta. Pamene mtsikana wina amene analekezera Sitandade 6 koma anakula akusokera zidole zake timadiresi, amangopinda tepiyo pawiri n'kundionetsa 3 ndi makota atatu, osalankhula n'komwe. Amadziwanso yekha kuti pamafunika kusiya alawansi ya msoko.

Komanso chitenje chili ndi masamu ake. Maluwa amabwerezabwereza, ndiye ukadula osawerengera pamene duwa likuyambiranso, kutsogolo kwa diresi maluwa sakumana ndipo kasitomala akubwezera. Mamita awiri atha pachabe. Mayi NaPhiri, mwana wopinda mapepalayo musamuletse.

Mai_Busa_Zomba
Zoona a telala. Anga onse anayamba kudziwa hafu ndi kota pa kudula chigumu, osati pabolodi.

Sir_wa_Std8
A telala, mwa ana 100 a m'kalasi langa onse adzakhala matelala? Ine ndikufuna asankhidwe kupita ku sekondale.

Telala_wa_ku_Limbe
Asankhidwe ndithu sir, ndi pemphero lathu tonse. Koma amene ndikunenawa ku sekondaleko anapita kale, n'kubwerako tepi osaidziwa.

Mmisiri_Kasungu
Kwathu kuno kumanga nakonso ndi momwemo. Ngodya ya nyumba timaiwongola ndi chingwe: mbali ina 60 sentimita, inayo 80, ukayeza kuchoka nsonga kufika nsonga ikwane mita imodzi ndendende. Ikapanda kukwana, nyumba ipendekeka ndipo malata adzakuvuta pofolera. Ine ndinaphunzira kwa malume anga amene sukulu sanapite patali. Mwana wanga atafika Folomu 2 anabwera ndi za Pythagoras akudandaula kuti n'zovuta, ndinamutengera pa faundeshoni n'kumugwiritsa chingwe. 3, 4, 5, chimodzimodzi 60, 80 ndi mita imodzi ija. Anaseka yekha.

Za ana aang'ono, yesani ichi pabwalo. Khomani chikhomo, mangani chingwe, kunsonga kwake mangani kamtengo, mwana azungulire akulemba pansi monga timachitira poyamba nkhokwe. Kenaka chingwe chomwecho, osachisintha kutalika, ayambe kuyeza m'mphepete mwa bwalolo akuika mwala paliponse pamene chathera. Chimakwana kasanu ndi kamodzi ndendende, n'kubwerera pa mwala woyamba. Alumikize miyalayo, patuluka chinthu cha mbali 6 zofanana. Akaika chikhomo pa mwala uliwonse n'kuzunguliranso, pakati pamatuluka duwa la masamba 6. Ana amalikonda zedi, amalithira phulusa ndi katondo kuti lioneke. Palibe chogula apa.

Chikondi_Area49
Poti mwatchula zogula, makirayoni masiku ano ndi golide. Kapaketi kakang'ono ndinakasiya pa shelefu. Sukulu zikamatiuza kuti tigule izi ndi izi aziganizako.

Bambo_a_Mapasa
Si makirayoni okha, kope lenilenilo. Ine ndili ndi awiri kalasi imodzi, chilichonse ndimagula pawiri. Ndiye kope lithere maluwa?

Mphunzitsi_wa_kumudzi
Amene akukuuzani kuti mugule makirayoni pa zimenezi waiwala zimene anaphunzira ku koleji. Tonse tinaphunzitsidwa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe ulipo, ndipo a MIE, bungwe lokonza masilabasi ku Domasi, akhala akuilimbikitsa kwa nthawi yaitali. Kuno chakuda ndi makala, chofiira ndi katondo kapena chidutswa cha njerwa chopera, choyera ndi phulusa, chobiriwira timasinja masamba. Zomatira timaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Mikanda yathu ndi mapesi oduladula, nthanga ndi zitsekerero za mabotolo zoboola ndi msomali. Zojambula zambiri timachitira pansi pa mtengo, kope limadikira nambala.

Dalitso_IT
Nanga matabuleti a BEFIT aja, ophunzirira ana m'sukulu za pulaimale za boma, sakuthetsa zonsezi? Mwana amaona zithunzi, amawerenga, amakoka zinthu ndi chala, popanda kudetsa yunifolomu.

Mphunzitsi_wa_kumudzi
Kwathu anafika ndipo akuthandiza, ana amawakonda. Koma mwana amakhala nayo kanthawi kochepa n'kupereka kwa anzake. Komanso pa galasi sungamve kuti dongo ili lalemera kuposa ilo, kapena kuti chingwe chaperewera.

Chikondi_Area49
Kwathu sanafike n'komwe matabuletiwo.

Sir_wa_Std8
Tibwerere pa nkhani ya mayi aja. Ine ndinene pamene pakundiwawa penipeni, mwina mundimvetsa. Ndinaonapo kalasi ina, mphunzitsi wajambula gulugufe wamkulu pabolodi, ana akopera, apaka mitundu piriyodi yonse, pamapeto pake walemba m'buku lake kuti waphunzitsa maonekedwe ofanana mbali zonse. Ndinafunsa mwana mmodzi kuti waphunzira chiyani lero, anati gulugufe. Zimenezo ndi zomwe ndikukana. Zojambula zasanduka pobisalira mphunzitsi amene sanakonzekere, kapena amene masamuwo iye mwini amawaopa. Ndipo alipo ambiri otero, tisanamizane.

Madamu_Std2
Apa ndiye tagwirizana sir. Kupaka mitundu pa chinthu chimene wina wajambula kale si masamu. Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi mwanayo angathe kumaliza chinthucho osawerenga, osayeza, osaganiza za nambala? Ngati angathe, imeneyo ndi Expressive Arts, ipite nthawi yake. Gulugufe yemweyo, mupatseni mwana pepala lopinda pakati, phiko limodzi mujambule inu pa timabokosi, linalo amalize yekha. Kuti mapiko afanane ayenera kuwerenga kuti kadontho aka kali timabokosi titatu kuchoka pa mzere wapakati, ndiye mbali inayo kakhalenso titatu. Akaphonya, popinda pepala mapiko sakumana, ndipo amaona yekha popanda ine kumuthira cholembera chofiira.

Chachiwiri, phunziro lisathe nambala isanalembedwe. Mikanda mwachitsanzo. Ndimati tungani iwiri yofiira, umodzi woyera, itatu yakuda, n'kubwereza. Akatunga kawiri katatu ndimawaimitsa. Mkanda wa nambala 20 udzakhala wa mtundu wanji? Osatunga, ganizani. Ena amawerenga ndi zala, koma pamapezeka wina amene amati gulu lililonse muli 6, magulu atatu ndi 18, yotsala iwiri, ndiye wofiira. Mwana ameneyo wachita kugawa kokhala ndi zotsala asanauzidwe dzina lake. Pamenepo timalemba m'kope, kenaka amatunga kuti aone ngati analondola.

Sir_wa_Std8
Zikamachitika chonchi ndilibe nazo mlandu. Inenso pokonzekera 6 July ndimawajambulitsa mbendera, koma ndi rula. Mulifupi ndi mulitali zikhale 2 kwa 3, mizere itatu yakuda, yofiira ndi yobiriwira ikhale yofanana. Amene wasankha 20 ndi 30 sentimita amavutika kugawa 20 patatu, amene waganiza kaye amasankha 12 ndi 18, mzere uliwonse 4. Kenaka cheza cha dzuwa chikwane 31. Koma imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi pa teremu, osati tsiku ndi tsiku.

Nesi_ku_Leeds
Mayi NaPhiri, timabokosi ta mwana wanuto kuno ku England ndi zimene ana anga akuphunzitsidwa kusukulu. Samu ya mawu asanaiwerengere amajambula kaye timabokosi totalika toimira nambala, njira imene anatengera ku Singapore. Amayamba ndi zinthu zogwirika, kenaka chithunzi, pomaliza nambala zokha. Koma mataimusi sanawataye ayi, mwana wa Year 4, wa zaka 8 kapena 9, amayesedwa mataimusi mpaka 12 × 12 pa kompyuta, funso lililonse masekondi 6. Ndiye zonse ziwiri zimayendera limodzi. Ndipo si nzeru yadzulo, Friedrich Froebel wa ku Germany amene anayambitsa kindergarten cha m'ma 1840 ankapatsa ana timatabwa, mapepala opinda ndi zoluka.

Bambo_a_Mapasa
Za ku England zisiyeni komweko asisi. Kumeneko kalasi muli ana 30.

Nesi_ku_Leeds
N'zoona achimwene, kusiyana kulipo kwakukulu. Ndimangofuna mayiwa adziwe kuti mphunzitsi wa mwana wawo sanazipeke yekha.

Wa_Masamu_Chanco
Ndipo sitikufunika kupita ku Ulaya kuti tizipeze. Achokwe a ku Angola, amene aliponso kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku DRC, ali ndi zojambula za pamchenga zotchedwa sona. Mkulu amasalaza mchenga, amadinda madontho m'mizere ndi nsonga za zala, kenaka amakoka mzere wozungulira madontho onse osanyamula chala, uku akusimba nthano. Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique mpaka pamene anamwalira mu 2014, anazifufuza kwambiri zimenezi pamodzi ndi zoluka za amayi a ku Inhambane. Mu 2023 UNESCO inaika sona pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kusungidwa.

Yesani ndi ana anu. Dindani madontho mizere 3, uliwonse madontho 4. Yambirani pakati pa madontho awiri, muziyenda mopendekeka kudutsa m'mipata ya madontho. Pakati simukhota, mumakhota pokhapokha mwafika m'mphepete, pamene mumazungulira dontho lakunja n'kubwerera mkati. Mupeza kuti mzere umodzi wazungulira madontho onse 12 n'kubwerera pomwe munayambira. Tsopano yesani mizere 4 ya madontho 6. Mzere umodzi sukwanitsa, umatsekeka madontho ena asanazunguliridwe, pamafunika iwiri. Chifukwa chake? Chiwerengero cha mizere yofunika ndi nambala yaikulu imene imagawa zonse ziwiri popanda chotsala. Ya 3 ndi 4 ndi 1, ya 4 ndi 6 ndi 2. Sir a Sitandade 8, imeneyotu ndi HCF yomwe mumavutika nayo ija. Ana ajambule ma sona angapo, alembe zotsatira pa tebulo, lamulolo alipeze okha.

Sir_wa_Std8
Iyi yokha ndiyesa Lachisanu masana. Ndiye 6 ndi 9 ikhala mizere itatu?

Wa_Masamu_Chanco
Itatu ndithu sir. Ajambule uliwonse ndi choko cha mtundu wake, zimaoneka bwino.

Amalume_aku_Chipata
Kuno ku Chipata timati nsolo, inu mumati bawo, koma nayonso musaiiwale. Ana akumbe okha maenje pansi, mizere 4 ya maenje 8, awerenge kuti onse ndi angati, ndipo akaika tiwiritiwiri pafunika timiyala tingati. 32 ndi 64. Mdzukulu wanga akamasewera amadziwiratu pomwe mwala womaliza ukagwere asananyamule n'komwe.

Mai_Busa_Zomba
Bawo si luso la zojambula amalume, ndi masewera. Komanso ana akazolowera bawo sukulu amaiwala, amakathera pa sitolo.

Amalume_aku_Chipata
Amayi, kusema thabwa la nsolo maenje ake n'kukhala ofanana si luso? Yesani muone.

Mwana_wa_ku_Linthipe
Ife a ku Dedza tili nazo pakhomo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira zija, zimene amati anajambula Akafula, zambiri ndi mabwalo, bwalo mkati mwa bwalo linzake, timizere toyandikana, madontho ndi zina zokhala ngati makwerero. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ana a sukulu zoyandikira akapita ku Mphunzi kapena ku Chentcherere amangouzidwa mbiri basi. Bwanji osawauza kuti awerenge mabwalowo, akabwerera akayese kujambula mabwalo anayi wina mkati mwa mnzake, mipata yake yofanana? Aone okha kuti anthu akalewo dzanja lawo linali lotani.

Dalitso_IT
Ndiye aziumbanso zigoba za Gule Wamkulu, nkhope imakhala yofanana mbali zonse, masamu ake ndi omwewo.

Mwana_wa_ku_Linthipe
Ayi achimwene, pamenepo musafikepo. Za kudambwe sizipangidwa m'kalasi. Ofuna kuona apite ku Mua, ku Kungoni zilipo zambirimbiri zoikidwa mwaulemu wake. Ana aumbe nkhope ya mphaka kapena ya mnzawo, masamu ake sasintha.

Mai_Busa_Zomba
Apa ndagwirizana nanu, ngakhale pa chifukwa china. Makolo ambiri a mpingo sangalole.

Dalitso_IT
Ndamva akuluakulu.

Mlongo_wa_ku_Joni
Kuno ku South Africa ana amajambulitsidwa kwambiri makoma a Chindebele, aja a mizere yakuda yochindikala ndi mitundu yowala. Gogo Esther Mahlangu anatchuka nawo mpaka anapenta galimoto ya BMW mu 1991, ndipo mizere yake amaiwongola ndi dzanja, popanda rula. Ndikamaona ndimakumbuka amayi anga akamazira nyumba, m'munsi mwa khoma mtsiro wakuda, pamwamba pake timathirayango ta dothi loyera kuzungulira nyumba yonse. Ankayeza ndi chikhatho kuti kathirayango komaliza kasadukire pangodya. Palibe anawauzapo kuti akuchita masamu, ndipo mpaka lero amati iwo sukulu sadziwa.

Aphunzitsi_a_SNE
Pali ana ena amene simunawatchule. Ine ndinaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu ndipo ndimaphunzitsa ana osaona bwino ndi ena ochedwa kumva zinthu. Kwa iwowa dongo si zokometsera phunziro. Mwana wosaona, thirayango ya pabolodi kwa iye kulibe. Koma ndikamata chingwe pa katoni n'kumuyendetsa chala, amawerenga mbali zitatu, ngodya zitatu. Ndili ndi mnyamata amene ankatembenuza 6 ndi 9, 2 ndi 5, zaka ndithu. Tinayamba kuumba nambala ndi dongo, kuziumitsa padzuwa, iye n'kumazisanja atatsinzina. Lero akulemba bwino. M'kalasi la ana 100 otere alimo, kungoti sanayezedwe, ndipo ndi amene amatchedwa mbuli n'kusiya sukulu pa Sitandade 4.

NaPhiri_wa_ku25
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Dzulo ndinakaonana ndi aphunzitsi akewo, kwa ahedi sindinapite. Anandionetsa zimene anachita ndi dongo lija. Mwana aliyense anaumba chitumbuwa chimodzi, n'kuchidula ndi ulusi pakati, kenaka pakatinso, kenaka pakatinso. Akuti ana ambiri amaganiza kuti gawo limodzi mwa 8 ndi lalikulu kuposa limodzi mwa 4 poti 8 ndi wamkulu, koma akagwira zidutswazo m'manja mkangano umatha. Ndamvetsa. Komabe ndawauza kuti homuweki ya samu zolemba ikuchepa, ndipo mataimusi ndikufuna aziwaloweza. Avomera kuti aziwapatsa kawiri pa sabata. Za yunifolomu agwirizana ndi makolo ena kuti tsiku la dongo ana azitenga malaya akale.

Bambo_a_Mapasa
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Aphunzitsi ngati madamu a Std 2 ndi angati m'dziko muno? Ambiri adzangotengapo gulugufe uja. Kuloweza ngakhale mphunzitsi waulesi amatha kuchititsa.

Madamu_Std2
Bambo, nkhawa yanu ndi yoona, sindikuichepetsa. Koma njira yake ndi yoti tiziphunzitsana ku TDC, kumene aphunzitsi a m'dera limodzi timakumana, a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale, akabwera aziyang'ana ngati nambala zalembedwa pambuyo pa zoumbazo, ndipo inu makolo muzifunsa mwana funso limodzi akabwera ndi chojambula: unawerenga chiyani kuti chituluke chonchi? Akasowa yankho masiku angapo otsatizana, pitani kusukulu. Kumbukiraninso kuti pofika Sitandade 5 masamu amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Mwana amene anangoloweza mawu amasochera pamenepo, pamene amene anagwirapo chinthucho amangophunzira dzina latsopano la chinthu chimene akuchidziwa kale.

Gogo_Woluka
Ana anga, ine ndi wolemba pang'onopang'ono, foni ndi ya mdzukulu. Ndimaluka malichero ndi madengu a nsungwi. Poluka lichero ndimadutsa pamwamba pa ziwiri, pansi pa ziwiri, mzere wotsatira ndimasuntha ndi imodzi, ndiye pamatuluka mizere yopendekeka ija mumaiona. Ukasokoneza kuwerenga pamodzi pokha, chilema chimaoneka mpaka kumapeto. Nsungwi ya mkombero ndimayeza kukamwa kwa lichero katatu n'kuonjezera pang'ono, kuphatikiza polumikizira. Sukulu yapafupi ikanandiitana ndikanapita kukawaonetsa ana, koma sanandiitanepo.

Wa_Masamu_Chanco
Agogo, katatu n'kuonjezera pang'ono kanuko ndi 3.14 amene ife timalemba pabolodi, ana n'kumaloweza osadziwa kumene wachokera. Aphunzitsi, tengani lichero, chivindikiro cha ndowa ndi tayala la njinga, ana ayeze ndi chingwe kuzungulira kenaka kudutsa pakati. Chilichonse chiwapatsa katatu ndi kachidutswa. Ndipo agogowa aitaneni, komiti ya sukulu ingathe kukonza zimenezi.

Mphunzitsi_wa_kumudzi
Agogo muli dera liti? Ngati ndi kufupi ndi Mchinji ndilembereni kumbali.

Chikondi_Area49
A Chanco, ndayesa sona ya 3 ndi 4 ndi ana anga pakhonde koma tikusokonekera pangodya. Mzere ukafika pa dontho la pakona umapita kuti?

Wa_Masamu_Chanco
Pakona mzere umakhota kawiri motsatizana. Umalizungulira dontholo n'kutulukira mbali yake inayo, ndiye mumapezeka mukubwerera komwe munachokera koma mu mpata woyandikana nawo. Madonthowo muwatalikitse pang'ono, ngati zala zitatu pakati pake, kuti chala cha mwana chizidutsa bwino. Yambani ndi 2 ndi 3 kaye, ikatheka mupite pa 3 ndi 4.

Chikondi_Area49
Yatheka ya 2 ndi 3. Wamkulu akuti ayesa 5 ndi 5 akaweruka mawa, akulosera kuti ikhala mizere isanu.